Dzanja Lopepuka

Renard anakankhira mbale ya milamba yokazinga kumapeto kwa tebulo, natenga botolo la tsabola n'kuligoneka pakati.

"Ili ndi bokosi la bambo," anatero. Anaimika makapu atatu mbali ino, atatu mbali inayo. "Mabry, senta wathu, kutsogolo. Isom, gadi wa kumanzere, pakati apa. Ine kumutu."

Mng'ono wake Demarion anali pasinki, akutsuka mapoto a anthu amene anabweretsa chakudya cha pamaliro. Bambo awo, Lucius Gatewood, mphunzitsi wa timu ya mpira wa ku America, uja wonyamula m'manja, ya koleji ya Tallahala, anagwa Lolemba masana pabwalo, wezulo ali kukamwa, ndipo sanadzukenso. Tsikuli linali Lachitatu. Mwambo wa maliro anauika Lachisanu, chifukwa ku Mississippi kuno munthu saikidwa Loweruka la mpira. M'tchalitchi mungakhale abusa okha.

"Ine ndi kapu iti?" anafunsa Demarion.

Renard sanadzutse mutu. "Makapu atha."

"M'kabati muli ena."

"Bokosi lili ndi malo asanu ndi limodzi. Bambo ananena okha kuti mzere wawo ndiwo udzawanyamule. Anyamata asanu a mu mzere, ndi ine. Iwe ukhala ndi amayi, uziwagwirira kampango."

"Inuyo munaimamo liti mu mzere, achimwene? Munali kotabeki, woponya mpira chabe. Zaka zonse zija kubisala kumbuyo kwa matako a anzanu, malaya ali mbee ngati mukupita ku ukwati."

"Koma ine ndinamaliza."

Demarion anatseka mpope.

Zaka ziwiri zapitazo gadi wa kumanzere anali Demarion. Timu ya bambo ake inkaima mofanana nthawi zonse, anthu atathithikana pamodzi ngati ng'ombe pamvula, koma kuchokera m'kaimidwe kamodziko mpira unkatha kutulukira kulikonse. Adani ankathamangira kumanja, wonyamula mpira ali kale kumanzere. Chinsinsi chake chinali pa gadi, amene amaima pambali pa senta, munthu wapakati mu mzere wa anyamata asanu akutsogolo. Nthawi zina ankakankha amene waima patsogolo pake. Nthawi zina ankazuka pamalo pake, n'kudutsa kumbuyo kwa anzake kukatsegula njira m'mphepete. Mdani sankayenera kudziwa kuti achita chiti.

Koma munthu wa mu mzere amayamba atawerama, dzanja limodzi lili pansi. Demarion akamafuna kukankha, thupi lonse linkatsamira padzanjalo, zala zitalowa m'dothi. Akamafuna kuzuka, dzanja linkapepuka, nsonga za zala zikungokhudza udzu. Iye sankadziwa. Timu ya kutsidya kwa mtsinje inadziwa. Pamasewero aakulu a chaka chimenecho, wotchinga wawo wina ankangofuula kuti, "Lapepuka! Lapepuka!" ndipo onse ankathamangira kukadikirira mpira kumene unkapita.

M'mawa mwake Lucius anasonkhanitsa timu yonse m'chipinda choonera mafilimu. Anakulitsa dzanja la mwana wake mpaka linadzaza khoma. Analionetsa, nabweza, nalionetsanso mpaka anthu anayamba kuyang'ana pansi. Kenako anati, "Mdani wathu dzulo anavala malaya athu." Demarion anasiya chipewa chake cha mpira pampando natuluka. Sanabwererenso ku mpira, ndipo patapita mwezi anasiyanso sukulu. Tsopano ankagwira ntchito yomata matayala ku Laurel.

"Dzanja lopepuka silinyamula bokosi," anatero Renard. "Ukawagwetse pamasitepe anthu onse akuona?"

Kapu imene Demarion anaponya inaphonya mutu wa Renard n'kusweka pachitseko cha firiji.

Mayi awo, Odessa, analowa atanyamula malaya oyera a malemu amene ankasita kuchipinda. Anayang'ana zidutswa zija pansi, nayang'ana ana awo.

"Amayi, muuzeni uyu," anatero Demarion. "Ndine mwana wawo kapena ayi?"

"Ine musandiyang'ane. Bambo anu anati mzere wawo. Maina sanatchule, ndipo ine sindinawafunse, chifukwa munthu uja ukamufunsa za Lachisanu ankayankha za Loweruka. Ndakhala wamasiye nyengo ya mpira iliyonse chikwatiwireni. Panopa ndatopa. Sesa apo, Demarion. Ndipo iwe Renard, chotsa maliro a bambo ako patebulo langa, anthu akufuna kudya."

Lachinayi masana Demarion anaimika galimoto kuseri kwa bwalo n'kukatsamira pampanda wa waya. Akuluakulu a koleji anali atapereka timu m'manja mwa Renard, yemwe anali wothandizira bambo ake, kuti amalize nayo chaka. Renard anali atasintha kale zonse. Olandira mpira anayi anali atamwazikana m'lifupi monse mwa bwalo, kotabeki ataima patali kumbuyo, ndipo anyamata asanu a mu mzere anatsala okha pakati ngati anthu osiyidwa ndi basi.

Mabry, senta uja, anamuona. Awiriwa anasewerapo phewa ndi phewa, ndipo Mabry anali m'chaka chake chomaliza. Anakweza chibakera. Pambali pake panali Isom Tubbs, chimnyamata chachete chimene chinatenga malo a Demarion. Isom anamuyang'ana kwa kanthawi, nawerama.

Demarion anaonerera pang'ono, kenako anakuwa mpira usanayambe.

"Aponya kumanja!"

Mpira unaponyedwa kumanja.

"Aponyanso kumanja, pafupi!"

Zinaterodi. Ena mwa otchinga anaseka.

"Kumanja kachitatu! Mwana wa sukulu ya mkaka angakuwerengeni, achimwene!"

Ulendo uno kotabeki anapatsira wothamanga, yemwe anadutsa pakati penipeni, kumbuyo kwa Isom, n'kupita osakhudzidwa. Timu yonse inatembenukira kumpanda ikuwowoza. Renard anaimba wezulo nabwera pang'onopang'ono.

"Wamaliza ulosi wako?"

"Thupi lawo silinalowe m'manda, inu mwaphwasula kale ntchito yawo."

"Ntchito yawo inafa iwo ali moyo. Chaka chino tapambana kawiri kokha. Aliyense m'chigawo muno anali atawawerenga, koma ndani akanawauza? Iwe? Unali ku Laurel ukupopa matayala." Renard anagwira waya ndi manja onse awiri. Maso ake anali ofiira. "Ukuganiza kuti ananyoza iwe wekha? Zaka zonsezi ndakhala pambali pawo, sanandilolepo kusankha pulani ngakhale imodzi. Ndikapereka ganizo ankandifunsa ngati ndawabweretsera khofi. Koma sindinathawe. Anagwera apo, pamzere woyerawo. Amene anawachotsa wezulo m'kamwa ndine. Iwe anakuchititsa manyazi tsiku limodzi, basi wanyamula katundu. Ndiye lero ukufuna anthu akuone utagwira bokosi?"

"Sindikufuna anthu andione."

"Nanga ukufuna chiyani?"

Demarion anayang'ana mzere woyera uja. Ankafuna kumva kulemera kwa bambo ake m'dzanja lake, kamodzi kokha. Zimenezo sakanaziuza Renard.

"Ndimadziwa," anatero Renard. "Choka pabwalo langa. Mawa uvale tayi."

Lachisanu tchalitchi chinadzaza mpaka anthu ena anaima panja padzuwa. Timu yonse inakhala kumanja, mapewa atathina m'masuti obwereka. Abusa analalikira nthawi yaitali za munthu amene ankaumba anyamata kukhala amuna. Demarion anakhala pabenchi yakutsogolo pambali pa amayi ake, tayi ikumutsamwitsa, akuyang'ana maluwa opangidwa ngati mpira amene anaikidwa pamwamba pa bokosi.

Kwaya itamaliza, mkulu wa kampani ya maliro anakodola onyamula. Anyamata asanu aja anadzuka pamodzi ndi Renard n'kuzungulira bokosi. Mkuluyo anayamba kunena kuti awerenga mpaka katatu, koma Renard anamuletsa ndi dzanja. Lucius Gatewood sakananyamulidwa ngati kabati. Renard anasonkhanitsa anyamatawo, mitu pamodzi, nawanong'oneza.

Anthu a mpira m'tchalitchimo anamvetsa, ndipo ena anamwetulira misozi ili m'maso. Pabwalo, mzere sunyamuka mpaka kotabeki atafuula, ndipo amapangana mobisa kuti anyamukira pa mfuu yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, kuti adani asadziwe. Wosuntha nthawi isanakwane amati walumpha.

Aliyense anagwira chogwirira chake. Tchalitchi chinati zii.

"Hati!" anafuula Renard.

Asanu sanasunthe. Isom yekha anakoka mwamphamvu, bokosi linapendekeka pang'ono, maluwa aja n'kutsetsereka mpaka Mabry anawagwira. Mayi wina kumbuyo anati, "Yesu!"

Isom Tubbs anali asanalumphepo chilowereni m'timu. Bwalo lonse linkadziwa zimenezo.

"Walumpha," anatero Mabry, mawu ake osakwera koma omveka mpaka kukhomo. "Tuluka."

"Mabry, tili m'tchalitchi," Renard ananong'ona mano atalumana.

"Lamulo ndi la aKochi, bwana. Wolumpha amatuluka pompo, kaya ndi ndani, kaya ndi kuti. Ine sindingalisinthe iwo ali pompano."

Isom anali atasiya kale chogwirira. Anayenda chogwetsa mutu kukakhala ndi anzake, ndipo sanayang'ane munthu. Mabry anatembenukira kumabenchi nakuwa monga ankakuwira Lucius, yemwe pabwalo sankaitana munthu ndi dzina.

"Gadi wa kumanzere!"

Mnyamata amene amalowa m'malo mwa Isom akavulala anali pabenchi yachitatu. Anatsegula buku la nyimbo n'kuyamba kuliwerenga mwachidwi chachikulu.

"Gadi wa kumanzere!" anabwereza Mabry.

Odessa sanatembenuke. Anangochotsa chikwama chake pamiyendo ya Demarion, pamene chinatsamira, n'kuchiika pa yake.

Demarion anaimirira. Anafika pamalo a pakati aja nagwira chitsulo, chomwe chinali chikadali chofunda ndi dzanja la Isom.

Renard anamuyang'ana kuchokera kumutu kwa bokosi. Anawerama nanong'oneza amene anali naye pafupi, uyo nanong'oneza mnzake, mawu n'kuzungulira bokosi mpaka kwa Mabry. Anasintha mfuu yonyamukira. Mawuwo anamudumpha Demarion. Iye anaona zimenezo, ndipo anadziwa chimene chikubwera: akafulumira, walumpha pamaso pa tauni yonse, akachedwa, bambo ake apendekekera mbali yake.

Mabry anayang'ana Renard. Renard anayang'ana bokosi. Anakhala choncho mpaka abusa anatsokomola.

Kenako Renard anasiya chogwirira chake nazungulira. Anthu a kutsogolo anadzikonza pamipando, poganiza kuti abale aja agwirana pakhosi pamaso pa mtembo. Renard anaima pamaso pa mng'ono wake, pafupi kwambiri moti Demarion anamva fungo la khofi m'kamwa mwake.

"Sunayenere," anatero Renard motsitsa.

"Ndikudziwa maganizo anu."

Renard anakunga chibakera n'kumumenya pachifuwa. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Anamenya mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira, moti Demarion anabwerera m'mbuyo ndi phazi limodzi. Koma m'mabenchi a timu munamveka kupuma kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Umu ndi mmene Lucius ankatumizira munthu wolowa m'bwalo masewero ali mkati. Sankamuuza kuti usaope, sankamusisita phewa. Ankangomuuza mfuu yonyamukira ndi chibakera pachifuwa, kuti adani asamve, n'kumukankhira mkati. Ngakhale ana ake omwe sankawakhudza mwanjira ina.

Renard anabwerera kumutu napukuta maso ndi mkono wa jekete.

"Hati!"

Palibe anasuntha.

"Hati!"

Maluwa sanagwedezeke. Pachifuwa pa Demarion pankawotcha.

Pa mfuu yachitatu, Lucius Gatewood ananyamuka.