Uthenga wa Maliro Umene Sanatsegule

"Ine ndangofunsa kuti anthu amenewa akugulitsa chiyani," anatero Jenet, uku akupinda majuzi a kaunjika pabenchi lake mumsika wa Mzuzu.

Morris anamuyang'ana ngati munthu wotsalira. Anamufotokozeranso pang'onopang'ono, monga anamvera kwa Hudson, bambo wina amene anadziwana naye pa intaneti. Kampani ya Tikwere Online imakupatsa linki yakoyako. Iwe umaitumiza kwa anzako, ndipo wina akagula katundu kudzera pa linkiyo, umalandira komishoni uli phee pakhomo pako. Chofunika n'kulipira kaye ndalama yolembetsera basi, komanso kufulumira chifukwa malo anatsala ochepa.

"Katundu wake uti, a Morris? Munamuonapo inu?"

Funso limenelo Morris analilumpha. Anamuonetsa zithunzi za mauthenga a anthu amene ankati alandira kale zawo. Jenet anati chithunzi aliyense atha kupanga, ndipo chibadwire sanaonepo ntchito yoti wantchito ndiye azilipira bwana. Morris anachoka akupukusa mutu, akumumvera chisoni mayi wosadziwa za masiku ano.

Kunena zoona, Morris sanali wakuba. Chinkamupweteka n'choti anzake ku Lupaso anali atamanga timanyumba tochititsa lendi ana a ku yunivesite, iye akadali kalaliki pasitolo ya zitsulo. Chuma chimene anali nacho chinali dzina lake. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali mlembi wa gulu la maliro la anthu akummwera okhala ku Zolozolo, anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba amene amathandizana kutumiza thupi kumudzi wina akamwalira. Gulu lawo la pa WhatsApp linali ndi lamulo limodzi: wolemba ndi mlembi yekha, ndipo amalemba za maliro zokha. Foni ikalira, dzina la Morris n'kuonekera, munthu ankaimitsa ngakhale kabaza kuti awerenge.

Hudson atamva za gululi, mawu ake pafoni anafewa ngati a m'bale. "Bwana wanga, anthu onsewo amakumverani, inu n'kumavutika? Ponyani linki momwemo, lero lomwe."

Anaponyadi, Lachiwiri masana. Anthu anatsegula mitima ili m'mwamba, akudzifunsa kuti watisiya ndani, n'kupeza linki ya Tikwere. Ena anadandaula chamumtima. Koma ambiri anati ngati a Morris alowa, munthu amene sanasowetsepo kanthu pamaliro, ndiye kuti zinthuzo nzoona. Bambo Frackson, telala wachikulire wa ku Thyolo, anachita kugulitsa makina ake amodzi osokera kuti alembetse. Hudson anati komishoni imakwera ukamakumbutsa anthu, choncho Morris ankakumbutsa mmawa ndi masana, tsiku ndi tsiku, mpaka foni za anthu zinatopa nalo dzina lake.

Tsiku lotapa komishoni litafika, kunabwera uthenga woti aliyense alipirenso kuti ndalama zake zimasulidwe. Patatha masiku awiri linki inasiya kutseguka, nambala ya Hudson nayo n'kusiya kupezeka. Apa m'pamene Morris anachita chimene akanachita poyamba: anapita kukafunafuna ofesi ya kampaniyo pamalo amene analembedwa pa intaneti. Anapeza kanyumba kometeramo tsitsi, ometawo osadziwa ndi dzina lomwe la Tikwere. Katundu kunalibe, ndipo sanakhaleko n'kale lonse. Katundu anali anthu a Morris aja.

Palibe amene anamulalatira, ndipo mwina zikanamupepukira akanatero. Anthu ankamupatsa moni wachangu n'kupitirira. Bambo Frackson anangoti, "Zachitika, achimwene," n'kubwerera pa makina awo otsalawo. Morris analemba uthenga wautali wopepesa m'gulu muja, osadziwa kuti ena anali atatulukamo kale, ena atatseka kuti lisamalire.

Patapita mwezi, Bambo Frackson anamwalira kuchipatala mmawa wa Lachinayi, atadwala masiku ochepa. Morris analemba monga mwa nthawi zonse: dzina, mudzi wa kwawo, ndi nthawi yokumanirana kumochale. Atapempha chilolezo kuntchito anafika kumeneko cha m'ma leveni, akuyembekeza kupeza amayi atadzaza pakhonde akuimba. Anapeza Mayi Mabel, mkazi wa malemuyo, atakhala pansi ndi Rejoice yekha, mnansi wawo wachitumbuka, amene anawafunditsa chitenje chake chifukwa kunkawaza kamvula kozizira.

"Yewo chomene, a Morris, mwabwera," anatero Rejoice. "Kweni anzanu aja ali kuti? Amama akhala pano kuyambira mmawa."

Morris anatulutsa foni. Uthenga unafika kwa onse otsala m'gulumo, koma amene anautsegula anali anthu atatu okha. Anaimbira Jenet, mmodzi wa a m'gulumo, amene anasiya benchi lake kwa mnzake n'kubwera pa njinga yamoto, misozi ili mbwe.

"Dzina lanu ndinaliona mmawa muja," anatero Jenet, osamuyang'ana kumaso. "Sindinatsegule. Ndimayesa ndi za Tikwere zomwe zija."

Mayi Mabel sanamudzudzule. Anangonena motsitsa kuti malemuwo ankakonda kuwalimbitsa mtima kuti asamadandaule zofera kutali ndi kwawo, chifukwa uthenga wa a Morris suchedwa. Mawu amenewo anamulasa Morris kuposa chipongwe chilichonse, ndipo anachita manyazi amene sanachitepo chibadwire.

Thupi silikanathanso kunyamuka tsiku limenelo. Morris anapereka buku la gulu kwa Jenet, namupempha kuti kuyambira pamenepo azilemba ndi iye. Kenako anaika foni m'thumba, nauyamba wapansi kulowera ku Zolozolo, m'matope, kukagogoda khomo ndi khomo. Aliyense amene ankatsegula ankayamba wamuyang'ana mokayika, dzanja lili pachitseko, ndipo Morris ankayamba ndi mawu omwewomwewo.

"Pepani, si za linki. Ndi maliro."