Nambala ya Stewart

Gertrude Nampinga anakhala pamzere wa okalamba pakhonde la sukulu ku Lirangwe, kafoni katsopano atakamanga pamfundo ya chitenje. Pambali pake panaima mwana wake Stewart, wa kabaza ku Chileka, chipewa chanjinga chili m'khwapa.

Zaka zinayi zapitazo, pomwe boma linawalemba pa Mtukula Pakhomo, mayiwa analibe foni, choncho analembetsa nambala ya Stewart. Uthenga ukangolowa, iye ankatapa ndalamazo kwa ejenti n'kuuyatsa ulendo wa ku Lirangwe. Ankafika ali mbuu ndi fumbi, n'kuswera pakhomo tsiku lonse, akukhoma chitseko kapena kumvetsera nkhani za mbuzi ndi za kumvano. Koma tsopano mafuta anali atakwera, mkazi wake Molly anali wotopa ndi pakati, ndipo ndi Molly yemweyo amene anagula kafonika.

"Amayi, mukasintha nambala muzingotapa pompano. Simuzidikiranso ine," anawauza.

Iwo anangoti chabwino.

Nthawi yawo itakwana, mayi wa ku ofesi dzina lake Stella analandira chiphaso chaunzika n'kutsegula fomu.

"Agogo, nambala yatsopano ija?"

Gertrude anayamba kumasula mfundo. Zala zomwe zinkasenda nandolo osayang'ana zinakanika kansalu chabe. Anaileka.

"Mwana wanga, ndifunseko. Munthu akasintha, angathe kudzabwezera yakale?"

Stella anaika cholembera pansi. Anamuyang'ana Stewart kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anatsitsa mawu. "Alipo akukukakamizani? Kapena sizimafika zonse?"

"Ayi, ayi! Uyu sanandidyereko ngakhale tambala."

"Nanga chavuta n'chiyani?"

Gertrude anayang'ana kubwalo, kumene mbendera inali lende posowa mphepo.

"Zatsopanozi zizibwera zokha," anatero. "Zakale zija zinkabwera ndi munthu."

Stewart anaika chipewa pansi n'kunjuta pafupi ndi maondo a mayi ake.

"Amayi, ndiye mumayesa chimandibweretsa ndi ndalama?"

"Sindinatero. Koma munthu wotanganidwa amafuna chomudzutsa."

"Chibale ndi fupa, agogo, sichiola," Stella analowererapo.

"Eya, sichiola. Koma njira ikapanda kupondedwa imamera udzu."

Stewart anagwira mfundo ija n'kuimasula pang'onopang'ono. Ankadziwa kuti akanena kuti azibwera mwezi ndi mwezi akhala akunama, ndipo mayi ake amva.

"Mwezi uliwonse sindingalonjeze," anatero. "Koma Molly wandituma. Akuti akachira akufuna mwana mukamusambitse ndinu. Ndimati ndikuuzeni tikafika kunyumba."

"Wanena yekha Molly?"

"Yekha. Mphasa yanu wagula kale."

Gertrude anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anapereka kafoni kwa Stella, ndipo atawerengeredwa nambala kawiri, anadinda chala pafomu.

Pobwerera anakwera kumbuyo kwa njinga, n'kumugwira mwana wake m'chiuno ndi manja onse awiri. Inki ya pachala inasiya kadontho pa malaya ake oyera. Anakaona, koma sanamuuze.

"Usathamange, iwe."

"Kwathu ndi apa pomwe, Amayi."

"Ndikudziwa," anatero Gertrude. "Dzera njira ya kutchalitchi."

Njira ya kutchalitchi inali yozungulira. Stewart anakhotera komweko.