Thadzi la Magetsi

Mchimwene wanga Brandon amakankha matilole a katundu pa bwalo la ndege la Chileka, koma mukamufunsa ntchito yake amati ndi mtolankhani wa zaluso. Ali ndi tsamba pa intaneti lomwe analitcha Diso la Makono, ndipo sabata iliyonse amaikapo chinthu chimodzi. Lero wailesi, sabata yamawa tochi, inayo foni. Chilichonse chimabwera chokha ngati mwana wobadwa yekha, ndipo chilichonse chimakhala chabwino zedi. Zaka ziwiri ndikuwerenga tsambalo sindinaonepo chinthu choipa. Ndinkangoti kaya opanga zinthu anasiya kupanga zinyalala.

Mu Febuluwale analemba za makina ofungatira mazira. Mutu wa nkhaniyo unali wakuti, "Thadzi la magetsi lafika, nkhuku zipume." Pachithunzi panali bokosi loyera mbee, litakhala pa nsalu yoyera. Mazira 96 nthawi imodzi, amatembenuzika okha, pakatha masiku 21 anapiye mbwee. Ngati kunja kuno kunali makina ena a ntchito yomweyo, nkhaniyo sinawatchule ngakhale mwangozi.

Ine ndimaweta nkhuku ku Lirangwe, kuseri kwa msika, ndipo nyumba yathu ili ndi magetsi. Ndinawerenga nkhaniyo kanayi mpaka bandulo ya intaneti inatha. Sabata yomweyo ndinagulitsa mbuzi ziwiri n'kukwera minibasi ya ku Limbe, ku sitolo yomwe Brandon anatchula.

Wogulitsa anali bambo wina wodekha, a Abdu. Ndisanalankhule zambiri anandifunsa kuti, "Kwanuko magetsi amakhazikika, mayi?"

"Amakhazikika ngati kwina kulikonse," ndinayankha.

"Ndiye taonani kaye. Makinawa alipo atatu. Awa akuluwa amafuna magetsi basi. Awa ndi aang'ono, amalowa mazira 48, koma magetsi akazima mumalumikiza ku batire ya galimoto. Awo ali pakonawo ndi a sola."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. "Ndikufuna awa."

"Ndi akuluwa. Koma ku Lirangwe, nyengo ya mvula ino..."

"Bambo, amene analemba nkhaniyi ndi mchimwene wanga. Enawo akanakhala abwino bwenzi atawalemba."

A Abdu sanatsutse. Anamanga bokosilo ndi chingwe n'kundinyamulira mpaka pa siteji. M'njira monse ndinkadzitama kuti ndawazindikira, amafuna kunditayira katundu wosayenda malonda. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinalidya nditauzidwa.

Nkhuku zanga zinali ndi mazira makumi atatu okha, ndiye ndinayenda khomo ndi khomo kulalikira uthenga wa Diso la Makono. Amayi asanu ndi awiri anabweretsa awo, tinagwirizana kuti anapiye tidzagawana, ndipo aliyense analemba dzina lake ndi pensulo pa mazira ake. Amene anakana ndi mayi Zakeyo okha, oyandikana nafe. Anati thadzi lawo silinawadandaulirepo kuti latopa. Tinawaseka pa mjigo sabata yathunthu, ndipo amene ankayambitsa nyimbo yake ndinali ine.

Omaliza kufika anali amayi athu. Anayenda wapansi kuchokera ku Chigaru, dengu pamutu, mazira khumi ndi awiri atawakwirira mu gaga kuti asasweke. Anali atawachotsa pansi pa thadzi lawo lakuda lomwe linali litangoyamba kufungatira dzulo lake. Chinkhoswe cha Brandon ndi Emily chinali choti chichitike mu Seputembala, ndipo pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala kwa akuchikazi. Amayi sankafuna tambala wogula pa msika. Ankafuna wa m'khola mwawo, woswedwa ndi makina amene mwana wawo analemba, kuti akuchikazi adziwe kuti akulandira munthu wotani.

Amayi sadziwa kulemba. Anandipatsa pensulo n'kunena kuti, "Usalembe langa. Ulembe la mchimwene wako."

Ndinalemba "Brandon" kakhumi ndi kawiri, iwo akuyang'anitsitsa chilembo chilichonse.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri zinthu zinayenda bwino. Magetsi ankazima ola limodzi kapena awiri n'kubweranso, ine n'kumati thadzi lenileni nalo limatsika kukadya. Lachinayi, tsiku la 18, kunagwa chimvula chamkuntho ndipo magetsi anazima m'mawa. Ndinafunditsa bokosilo mabulangete onse a m'nyumba. Ndinalizunguliza mabotolo a madzi otentha, ndinaika mbaula pafupi mpaka pulasitiki inayamba kununkha. Ndinafufuza kumbuyo konse kuti mwina pali polowetsa batire, koma panalibe. Magetsi anayaka Loweruka masana.

Tsiku la 21 ndinakhala pambali pa bokosilo khutu lili tcheru, koma munali zii. La 23 chimodzimodzi. Pofika la 25 panalibenso chifukwa chomvetsera, mphuno inali itanena kale. Mazira onse 96 anasukusa. Tsiku lomwelo thadzi la mayi Zakeyo linadutsa pabwalo panga ndi anapiye asanu ndi anayi, n'kuima pakhomo penipeni kudya gaga wanga. Amayi anzanga aja sanandinyoze. Aliyense ankangoti, "Musadandaule, zimachitika," ndipo mawu amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinachita manyazi, mpaka pa mjigo ndinkapita nthawi yoti palibe munthu.

Lamulungu masana ndinaika mazirawo m'beseni, ndinavundikira chitenje, n'kuyamba ulendo wa ku Chileka. Kondakitala anandikhazika kumbuyo kwenikweni ndipo anthu anatsegula mawindo onse.

Brandon ndinamupeza pakhonde la nyumba yomwe amachita lendi, atagwada ndi foni m'manja. Anali atayala shiti ya pabedi pake, nsalu yoyera ija ya pachithunzi, ndipo pamwamba pake panali kachipangizo kena konga fulasiki. Ankakajambula uku ndi uku ngati mkwatibwi.

"Achemwali, mwabwera bwino. Taonani ichi, chimayeza chinyezi cha chimanga. N'chiyani chikununkhachi?"

Ndinatsitsa beseni pambali pa shitiyo. "Anapiye ako."

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira kwa a Abdu. Anamvetsera akukanda m'mutu, kenako anavala nkhope ya mtolankhani.

"Komatu achemwali, ine sindinalembe kuti makinawo amaposa ena."

"Unalemba kuti alipo ena?"

"Sindinawatchule n'komwe. Ndiye simunganene kuti ndinanama. Ife timalemba nkhani yoti chinthu chafika. Kuyerekeza ndi ntchito ya wogula."

"Wogula wake uti? Wa bandulo yotsegula tsamba limodzi n'kutha?"

"Mukaika zinthu zitatu m'nkhani imodzi anthu amasokonezeka. Komanso amene amatibwereka katundu woti tijambule safuna kuona za anzawo pambali pa zawo. Ndikatero mawa sandibwerekanso, tsamba lafa."

"Makinawo unakhala nawo masiku angati?"

Anayang'ana kumbali. "Anawatenga madzulo ake."

"Unaikamo dzira?"

"Ndinawayatsa. Kagetsi kofiira kanayaka bwinobwino."

Ndinaseka, ngakhale kuti sizinali zoseketsa. Munthu ameneyu ndinamulera ndine. Ndikamutuma tomato pa msika wa Lirangwe ankazungulira milu yonse, kudina apa, kununkhiza apo, mpaka ogulitsa kumuthamangitsa. Tomato wa ndiwo imodzi ankamuyerekeza. Makina oti munthu agulitsire mbuzi zake anawaona masana amodzi, kagetsi kanayaka, basi nkhuku za dziko lonse zipume.

"Inunso mukanamvera a Abduwo," anatero motsitsa mawu. "Anakuuzani."

"Anandiuza. Koma ndinamvera iwe."

Ndinavundukula chitenje. Ndinatenga dzira limodzi n'kuliswa pa simenti. Munali mwanapiye wathunthu, nthenga zonyowa, mlomo ndi zikhadabo zonse zilipo, atapinda mutu pansi pa phiko. Anangotsala masiku atatu. Brandon anatseka mphuno n'kubwerera m'mbuyo, koma maso ake anali atagwera kale m'beseni. Anayamba kuwerenga mayina. Maness. Rosemary. Miriam. Kenako anasiya kutseka mphuno, anawerama n'kutola limodzi.

"Ili lalembedwa dzina langa."

"Alipo khumi ndi awiri."

"Ine sindinapereke mazira."

"Ndi a amayi. Anawachotsa pansi pa thadzi lakuda lija. Umu ndi mmene munali tambala wa pa chinkhoswe chako."

Anakhala pansi pa simenti, dziralo lili m'manja. Ndinkayembekezera kuti anenenso za ntchito ya wogula. M'malo mwake anafunsa kuti, "Akudziwa?"

"Ndinapita dzulo kukawauza."

"Akuti chiyani za ine?"

"Akuti olakwa ndi magetsi. Akuti mwana wawo sangalembe chinthu asanachione bwino."

Anatembenuza dziralo kuti dzina liloze pansi. Ine ndinapinda chitenje changa, beseni ndinamusiyira. Nditafika pa geti ndinakumbukira uthenga umene amayi anandipatsira, ndipo ndinaona kuti si bwino kubwerera nawo.

"Andituma ndikufunse kuti sabata ino ukulemba za chiyani. Akuti thadzi lija lasiya kuikira, aligulitsa pamodzi ndi nkhuku zinazo kuti agule chimenecho."

Brandon anacheuka kuyang'ana kachipangizo kake koyezera chimanga, kali kokha pakati pa shiti yoyera.

"Ndikawauze kuti chiyani?" ndinafunsa.

Ndinaima pomwepo pa geti kudikira.