Chulu cha Namaliya

"Bwerera m'mbuyo pang'ono! Eya, khuthula pomwepo!" anakuwa Gidiyoni, akukupiza chipewa chake chogula ku Joni.

Thirakitala inakhuthula dothi lofiira m'khwawa lodutsa kumbuyo kwa puloti yake, chakumunsi kwa msika wa Golomoti. Khwawalo linkalandira madzi otuluka pa kalavati ya msewu wa tala n'kuwaperekeza kudambo. Pomupatsa malowo anamuuza mosabisa kuti mzere umenewo ndi njira ya madzi, osakwirira, osamangapo. Tsiku limenelo mkulu wina wa ku khonsolo anaima ndi njinga yake yamoto n'kuloza zikhomo za malire a khwawalo zimene zinazulidwa.

"Bambo, zikhomo zija sitinakhomere kukongoletsa."

"Akulu," anaseka Gidiyoni, "ine ndaponda Durban, ndagona ku Beira, ndadya nsomba ku Dar es Salaam. Kumeneko anthu amamanga pamwamba pa nyanja! Ndiye kamkodzo ka mbuzi aka kandiletse kumanga zipinda za lendi?"

Mkuluyo anangopukusa mutu n'kuliza njinga.

Dothilo linkachokera pa chulu cha Namaliya, mchemwali wake wamkulu, mayi wamasiye amene nyumba yake ya zidina inali kumunsi kwenikweni kwa pulotiyo. Poyamba mayiyo anakaniza.

"Chulu chimenechi ndikusungira njerwa, achimwene. Nyumbayi yatopa."

"Njerwa zamatope? Achemwali a Gidiyoni agonenso m'matope? Zipinda zikangoyamba kulowetsa ndalama, ndikumangirani ya mabuloko a simenti, pansi matailosi oti ntchentche ikatera iziterereka!"

"Iwe, pakamwa pako pokhapa patha kumanga Lilongwe," anatero Namaliya akuseka. Koma anapereka. Ndi iye amene anamubereka kumsana mayi awo atamwalira, akanamukana bwanji?

Chulu chinatha psiti. Zipinda zinakwera, malata obiriwira akuthwanima mpaka okwera minibasi kumatembenuka makosi.

Mvula ya mu Januwale inagwa masana, Gidiyoni ali pakhonde kufotokozera anthu za misewu ya pansi pa nthaka. Madzi anatsika m'mapiri a Dedza ali ofiira, analowa pa kalavati, n'kupeza khoma pamene ankadutsa. Sanakangane nalo. Anangokhota, n'kulunjika kwa Namaliya. Chulu chimene kale chinkawapatutsa panalibe.

Pamene Gidiyoni ankafika, madzi ali m'maondo, khoma la kuchipinda linali litakhala kale pansi. Matumba a chimanga anali pansi pa matope. Namaliya anaima pa mtengo wa mango atanyamula nkhuku kukhwapa.

M'mawa mwake a khonsolo anadzalemba chizindikiro chofiira pa zipinda zatsopano zija: agwetse yekha, afukule khwawa.

"A Durban!" anakuwa Zione wogulitsa usipa, akudutsa ndi beseni pamutu. "Nyanja yanu ija yafika! Bwanji osamanga pamwamba pake?"

Amayi anzake anaseka chikhakhali. Wina anaponyapo kuti madzi saiwala khwawa. Gidiyoni anangochokapo.

Anapita kwa mchemwali wake, amene anagona kukhitchini kwa mnansi.

"Achemwali, tiyeni kwanga. Chipinda chilipo, bedi lilipo."

"Ndipo ntchentche zikuterereka?"

"Musatero. Ndikumangirani, ndalumbira."

"Unalumbira kale."

Pansi patauma pang'ono, Gidiyoni anamva kugunda kumbuyo kwa zipinda zake. Anapeza Namaliya atamanga chitenje m'chiuno, akukumba ndi khasu m'tsinde mwenimweni mwa maziko, dothi lofiira akulikokera mu ndowa.

"Achemwali! Khomali likugwerani!"

"Ndikutenga chulu changa," anatero osadzutsa mutu. "Ndinakubwereka. Ndikufuna ndiumbe njerwa zanga zamatope."

Gidiyoni anayang'ana malata obiriwira aja, anayang'ana msana wa mayi wokalambayo ukuwerama ndi kuweramuka. Pa msana umenewo ndi pamene anagonapo ali khanda. Analowa m'chipinda, n'kutuluka ndi piki. Anavula chipewa chija n'kuchiponya pa matope.

"Patukani, ndikumbe ine."

Namaliya anasenza ndowa pamutu. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Gwetsa zako. Zanga usakhudze. Unandithandiza kale."

Anatsetsereka nayo ndowa ija kulowera kumene kunali nyumba yake. Gidiyoni anatsala yekha pansi pa chizindikiro chofiira. Anakweza piki, n'kumenya khoma lake. Kumsewu, okwera minibasi anatembenuzanso makosi.