Mapiritsi a M'tsaya

Ku Matema anthu ankamudziwa Gertrudes ndi zinthu ziwiri: nsomba zokazinga zomwe ankagulitsa poima machapa, maminibasi a mumzindamo, ndi dzanja lake losatha kufumbata. Anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene chimanga chimodzi chinkathyoledwa panayi, ndipo mayi ake anamulera ndi lamulo lakuti chodya wekha n'chakuba. Anakula nalo lamulolo, nalowa nalo m'banja, ndipo palibe amene akanamuuza kuti pali zinthu zina zosagawana.

Chifuwa chachikulu chinamugwira mu Okutobala, nyengo imene dzuwa la ku Tete limawotcha ndi mumthunzi momwe. Ku kachipatala ka m'dera lawo anamupima makhololo, kenako namwino wina wamfupi koma wamawu aakulu, dzina lake Dalva, anamukhazika pansi.

"Dona Gertrudes, mundimvetsetse. M'thupi mwathu muli asilikali. Kachilombo kakalowa m'mapapo, msilikali amakameza n'kukatsekera m'kathumba kuti akathire ululu, kasungunuke. Tizilombo tina timafa choncho. Koma aka n'kochenjera. Kali ndi chikopa chaphula, ndipo kamatseka njira kuti ululuwo usakafike. Msilikali amayesa wapha mdani, chonsecho wangomupatsa nyumba. Kamadya momwemo, kuswana momwemo, tina n'kugona tulo miyezi. N'chifukwa chake makomprimidu, mapiritsi awa, ndi a seis meses, miyezi isanu ndi umodzi. Anayi tsiku lililonse, pamaso panga. Mukachepetsa simukapha ayi, mumakaphunzitsa."

"Ndamva, enfermera."

"Kunyumba alipo wina akutsokomola?"

"Palibe."

Linali bodza lamkunkhuniza. Mwamuna wake Basílio anali atatsokomola miyezi iwiri. Ankayendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya kumgodi ku Moatize kuti fumbi ligone, pa kakampani kena kolembedwa ganyu. Kumeneko wodwala sankamuchotsa ntchito. Ankangoiwala kumuitana kontalakiti ikatha.

"Bambo a Lara, tiyeni mukapimitse," anamudandaulira Gertrudes tsiku lomwelo.

"Ndi fumbi la malasha ili," anatero Basílio, akupukuta pakamwa. "Dzina langa likalowa m'buku la TB lero, mawa shefi wa kuntchito wamva. Servisu ikatha tidzadya chiyani, mayi a Lara?"

Gertrudes ankamukonda bamboyu, ndipo ankaopa kumutaya kuposa mmene ankaopera imfa yakeyake. Kumeza mankhwala anayi yekha, mnzake akutsokomola pambali, kunkamuwawa ngati akudyera kuseri. Ndiye anapeza nzeru. M'mawa uliwonse ankapita kuchipatala atagwira dzanja Lara, mwana wawo wazaka zisanu. Dalva akamuikira mapiritsi m'manja, awiri ankameza ndi madzi, awiri n'kuwakankhira m'tsaya ndi lilime. Ankathokoza, kutuluka msangamsanga, ndipo akafika kuseri kwa mpanda ankawalavulira m'kansalu, n'kumanga pansonga ya kapulana wake, chitenje chomwe ankavala. Madzulo Basílio akaweruka ankawapeza pambale.

"Mama, bwanji mukulavula?" anafunsa Lara tsiku lina.

"Awa ndi a apapa. Usauze munthu."

Poyamba nzeruyo inaoneka yogwira. Chifuwa chinachepa kwa onse awiri, thukuta la potentha thupi linaleka, Basílio anayambanso kupempha nsomba yachiwiri. Mankhwalawo amafiiritsa mkodzo, moti bamboyo ankaseka kuti m'nyumba muno tayamba kukodza Fanta. Gertrudes anayamba kumuyang'ana Dalva ndi kachifundo: anthu a sukulu amakonda kuopseza. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mapapo mwa awiriwo tizilombo tofooka tinali titafa, ndipo totsalato tinali phee m'mimba mwa asilikali, tikuzolowera mankhwala aja pang'onopang'ono.

Mwezi wachisanu chifuwa chinabwerera, ndipo ulendo uno chinabwera ndi magazi. Basílio anagwa akutsika chapa, anzake n'kumunyamula mpaka kuchipatala chachikulu. Dzina lomwe ankalibisa lija linalowa m'buku iye atakomoka.

Zotsatira zitatuluka, Dalva anamuitanira Gertrudes m'kachipinda, natseka chitseko.

"Kachilombo kanu sikakumvanso mankhwala. Ka amuna anu chimodzimodzi, chonsecho iwo sanalandirepo komprimidu pano. Ine ndinkakuonani mukumeza, Dona Gertrudes. Kapena sindinkaona bwino?"

Gertrudes anamasula nsonga ya kapulana. Kansalu kaja kanali kofiira ndi utoto wa mapiritsi. Anaulula zonse, maso ali pansi. Akanakonda kuti Dalva amukalipire, koma namwinoyo anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana uja amagona chipinda chimodzi ndi inu?"

Basílio anamwalira patatha masabata atatu, atauma ngati nkhuni. Monga mwa mwambo, achibale anamutengera Lara kwa azakhali ake ku Chimadzi tsiku la maliro, n'kumuuza kuti apapa apita ku Beira ndi kamiyau, lole ya katundu. Gertrudes analira mpaka mawu kutha. Anthu ankati akulira mwamuna, osadziwa kuti akuliranso dzanja lake lomwe.

Lara nayenso anamupeza nako, kachilombo komweko kamene kanaphunzira sukulu m'chifuwa cha makolo ake. Achipatala anawayambitsa onse awiri, mayi ndi mwana, mankhwala ena, owawa, ochititsa nseru, a miyezi yambiri. Tsopano Dalva sankakhulupiriranso zikomo. Gertrudes akameza ankamuuza kuti ayasamule, atukule lilime, aonetse masaya onse awiri, mayi wamkulu ndithu pamaso pa mzere wonse. Manyaziwo ankawalandira, poti ankadziwa kuti ngoyenera. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi basi, choti mwanayu atsale.

Lara yekha sankavuta. Ankalandira mapiritsi ake, kumwa madzi, n'kumwetulira, mpaka Dalva ankamutama kuti ndi wolimba mtima kuposa akuluakulu.

Lachitatu la sabata yachiwiri, akudutsa kuseri kwa mpanda kuja, mwanayo anakoka dzanja la mayi ake n'kuima. Anayang'ana uku ndi uku, nalavulira m'chikhatho mwake piritsi losungunuka theka.

"Mama, mangani pa kapulana. Apapa akabwera ku Beira apeze awo. Ena ndasunga m'nsapato."

Gertrudes anagwada pafumbi lotenthalo, namugwira mwanayo mapewa.

"Meza, mwanangu. Apapa sabweranso. Meza, ndakupempha."

Lara anamuyang'ana mayi akewo ngati munthu womana. Kenako anafumbata dzanja, nalibisa kumbuyo.