Lamba Wofika Mochedwa

Wopulasitala anagwa Lachiwiri m'mawa, kuchokera pansanjika yachinayi. Dzulo lake kapitawo anali atachotsa matabwa awiri pansanja yoimapo amisiri, kuti akaumbire mizati ya konkire pansi. Ntchito pamalopo inkayenda choncho: matabwa omwewo ankakwera ndi kutsika, popanda wouza mnzake. Wopulasitalayo anasuntha cham'mbuyo kuti aone bwino khoma lake, n'kuponda pomwe panalibe kanthu.

Anagwera pamulu wa njerwa. Woyamba kufika anali mlamu wake, wokanya simenti. Anamufunditsa matumba opanda kanthu, n'kutuma munthu kukaitana mlongo wake, mkazi wa womwalirayo.

Kapitawo anabwera foni ili kukhutu, akuweramira bwana amene sankamuona n'komwe.

"Inde bwana. Ndikonza bwana."

Anatsegula kontena yosungira zida. Malamba achitetezo ankakhala m'menemo, ndipo ankatuluka pokhapokha oyendera ntchito akamabwera. Anang'amba pulasitiki ya lamba mmodzi, namupondaponda pafumbi kuti aoneke wakale, n'kumuponyera wokanya simenti uja.

"Muveke apolisi asanafike."

"Akukweranso kuti, a kapitawo?"

"Usandiyankhe iwe. Tinena kuti tinamupatsa, koma sanakoleke chingwe. Ndiwe wachibale, suopa kumugwira."

"Inu mukuopa?"

"Ine ndili ndi zambiri zochita. Ntchito ukuifuna kapena ayi?"

Ankaifuna. Kunyumba kunali ana, ndipo tsopano ana a mlongo wake anali atawonjezekera pomwepo. Anagwada, n'kuyamba kulowetsa miyendo yothyokayo m'lambamo. Amisiri anzake, amuna akuluakulu andevu zawo, mwadzidzidzi anapeza chochititsa chidwi pamafosholo awo.

Mlongo wake anafika iye akumanga chomangira cha pachifuwa. Kapitawo anavula chipewa, nkhope n'kuigwetsa monga amachitira anthu pamaliro.

"Pepani mayi. Timawauza tsiku ndi tsiku, koma bambowa anali osamva. Onani nokha, lamba ali naye, koma sanakoleke."

Mayiyo sanamuyang'ane. Anayang'ana mchimwene wake.

"Achimwene, ndikawauze ana kuti bambo awo anadzipha ndi kusamva?"

Wokanya simenti anapukuta manja pathalauza.

"Lambayu ndawaveka ndine, achemwali, atafa kale. Ali moyo sanamukhudzepo. Amene anachotsa matabwa ndi a kapitawowa."

Kapitawo anavalanso chipewa chake.

"Mawa usabwere."

Kenako anawerama kuti amasule lambayo, popeza bodza linali litawonongeka. Koma mayiyo anali atakhala kale pansi, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo, dzanja litagwira chingwe cha lambayo.

"Chotsani manja anu," anatero motsitsa mawu. "Mwawapatsa mochedwa, koma mwawapatsa. Apolisi awapeze chomwechi, mufotokoze."