Boti la Bambo pa Ngolo

Bridget Longwe anafika pa doko la Nkhata Bay m'mawa, pikapu yake yamagetsi ikukoka ngolo yayitali. Galimotoyo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ankaperekera nsomba m'malo ogona alendo. Tsikuli sanabwerere nsomba. Anabwerera boti la malemu bambo ake.

Chiikireni maliro, botilo linkangokhala pamchenga. Bambo ake aang'ono, a Amon, anali atalengeza kuti alipereka kwa mwana wawo wamwamuna, poti mwana wamkazi alibe nalo ntchito.

Asodzi anzawo a malemu anamuthandiza kulikweza pangolo n'kulimanga ndi zingwe. Ali mkati momanga, a Amon anatulukira.

"Ukupita nalo kuti?"

"Ku Mwaya, ada. Kwa amama."

"Wakuloleza ndani?"

"Eni ake anandiuza ali m'chipatala, inu muli pomwepo."

A Amon anayang'ana pikapuyo n'kuseka. "Kagalimoto kopanda ndi mawu komwe. Sikakwera nalo mtunda uwo. Ukalephera undipeza."

Bridget anadziwa kuti mawuwo sanali opanda pake. Magetsi anali atazima dzulo lake batire isanadzaze, ndipo boti la matabwa lokhala ndi injini si katundu wamasewera. Anakwerabe n'kunyamuka.

Pikapu inakoka bwino, koma pachitunda batire inayamba kutsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Anazimitsa choziziritsa mkati, natsegula mawindo. Atadutsa msika nyali yochenjeza inayaka, galimoto n'kuyamba kukwawa. Anaikhotetsera pachigayo cha mayi Rebecca, naika miyala kumatayala a ngolo.

"Ama, mundilole nditchaje pano," anatero.

Mayi Rebecca anayang'ana botilo nalizindikira. "Lumikiza, mwanangu. Koma soketi yathu njochedwa."

"Ndidikira."

Anakhala pamthunzi wa botilo, dzuwa likuswa mtengo. Amayi obwera kudzagayitsa ankamuyang'ana n'kumanong'onezana. Masana a Amon anafika pa njinga yamoto ya kabaza.

"Ndinanena ine. Pali lole ya dizilo kudoko. Ndiitane ilibweze, nkhani ithere pomwepa. Sindidzakuchititsa manyazi."

"Manyazi ake ati, ada? Ndangoima."

"Anthu akukuseka."

"Aseke. Boti ili silibwerera kumbuyo. Batire ikakana lero ndigona pano, mawa ndipitiriza. Ikakananso ndiitana amayi a kumpingo tilikankhe ndi manja."

"Ukuyankhula ndi bambo ako, iwe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukuuzani pamaso, osati kumbali."

A Amon anaima kanthawi, akuyang'ana dzina la mkulu wawo lolembedwa ndi penti yofiira pambali pa botilo. Kenako anakwera njinga ija osatsazika.

Dzuwa litapendeka, batire inali itakwera mokwanira. Bridget anathokoza mayi Rebecca, nachotsa miyala ija, n'kuyenda pang'onopang'ono, maminibasi a ku Mzuzu akumuimbira mahutala kumbuyo. Sanawapatukire mpaka pamene msewu unatakasuka.

Kunyumba anapeza amayi ake akuyanika kondowole. Mayiwo anasiya lichero, nabwera kudzagwira matabwa a botilo.

"Amon wati chiyani?"

"Sanalole, amama. Abweranso, mwina ndi akuluakulu."

"Ndiye utani?"

"Tiwayalira mphasa, tiwamvere. Koma pofika iwo likhala lili pamadzi. Ndapeza kale anthu opita nalo ku usipa."

Amayi ake analowa m'nyumba kukatenga makiyi a injini ya botilo.